ZA NAMBALA YA KHUMI NDI ZIWIRI, NDI MAGAWIDWE ACE

Anthu a mitundu yambiri ya pa dziko lapansi amawerenga ndi makumi, ndipo cifukwa cace sicibvuta kucipeza. Pakuti munthu abadwa nazo zala khumi za m'manja, ndizo zowerengera zace zoyamba. Koma tikapenyetsa zinthu za masiku onse, tipeza nambala yina imene yakhala pambali pa khumi kuyambira kale lomwe, nikana kucoka. Caka ciri ndi miyezi 12. Pankhope pa koloko alembapo maora 12. Mazira ndi mapensulo agulitsidwa m'madazeni, ndiko kuti 12 pamodzi. Phazi la mmisiri wa matabwa liri ndi mainchi 12. Ndipo akuru athu akumbukira sileni, imene inali makobiri 12. Nanga anthu okhala ndi zala khumi anasankhiranji 12 poyesa nthawi, utali ndi ndalama? M'nkhani ino tifuna kuyankha funso limeneli, poonetsa makhalidwe a nambalayi, ndi mitundu imene anzeru a masamu aiikamo. Mau athu onse alinga pa cinthu cimodzi, ndico kuti 10 ithandiza powerenga, ndipo 12 ithandiza pogawa. Ndipo tidziwa tonse kuti milandu yambiri ya m'mudzi iyamba pa nthawi ya kugawa.

I. DZINA LACE M'CINENERO CATHU

M'Cicewa muli masinde asanu okha a mau owerengera amene asintha monga mwa dzina la cinthu cowerengedwa, ndiwo -modzi, -wiri, -tatu, -nai ndi -sanu. Tikafika pa zisanu, dzanja limodzi latha. Potero tiyambanso, ndi kunena zisanu ndi cimodzi, zisanu ndi ziwiri, kufikira zisanu ndi zinai. Koma khumi lisiyana nao mau enawo, pakuti khumi ndilo dzina pa lokha, monga khasu. Ndipo monga khasu licuruka kukhala makasu, momwemo khumi licuruka kukhala makumi. Cifukwa cace khumi silisintha, lingakhale liwerenga anthu kapena mbuzi; cosintha ndico ciwalo caciwiri cokha. Tinena anthu khumi ndi awiri, miyezi khumi ndi iwiri, mbuzi khumi ndi ziwiri, tiana khumi ndi tiwiri. Ana a sukulu amaphophonya pamenepa, nalemba miyezi khumi ndi ziwiri. Mphunzitsi awakonze msanga, cizolowezico cisanakhwime. Pochula nambalayi pa yokha timati khumi ndi ziwiri, popeza mumtima tiganiza za zinthu. Ponena za malo ace mumzere timati Disembala ndiwo mwezi wakhumi ndi ciwiri. Ndipo ponena za gawo timati limodzi la magawo khumi ndi awiri.

Ku msika anthu ambiri amati thwelofu, liu lobwereka ku Cingerezi, popeza liri lalifupi. Sitiwatsutsa, koma nkwabwino kudziwa kuti liu la Cingerezilo pa ciyambi cace linatanthauza ziwiri zotsala, ndizo zotsala munthu atatha kuwerenga khumi. Cotero Mngerezi wakale ndi Mcewa anaganiza cimodzimodzi: onse awiri anaona 12 ngati khumi losenza ziwiri pamutu. Maina onsewa alemekeza khumi, nabisa makhalidwe eni eni a nambalayi, amene tiwaulule tsopano.

II. ZOGAWIRA ZACE

Nambala imene ilowa mwa inzace popanda cotsala tiicha cogawira cace. Kuti timve bwino, titenge njere za cimanga 12, ndi kuziyala pamphasa m'mizere yolingana. Tikhoza kuyala mzere umodzi wa njere 12, kapena mizere 2 ya njere 6, kapena mizere 3 ya njere 4; ndipo tikasuntha ndi kupenya cam'mbali, mizere yomweyo ioneka 12 ya njere imodzi, 6 ya njere 2, ndi 4 ya njere 3. Tikayesa mizere 5, zitsala njere 2. Tikayesa mizere 7, zitsala 5. Momwemonso ndi 8, 9, 10 ndi 11, pakhala zotsala. Cotero zogawira za 12 ziripo zisanu ndi cimodzi, ndizo 1, 2, 3, 4, 6 ndi 12.

Tsopano ticotse njere ziwiri, zitsale 10. Tiyala mzere umodzi wa 10, kapena mizere 2 ya njere 5, ndipo tatha. Zogawira za 10 ziri zinai zokha, ndizo 1, 2, 5 ndi 10. Anthu awiri agawana zinthu 10 bwino, ndi asanu omwe. Koma akakhala atatu, yense atenga 3, citsala cimodzi. Akakhala anai, yense atenga 2, zitsala ziwiri. Cotsalaco ndico ciutsa mau. Pakuti nsomba idulika, koma khasu, mbale ndi mbuzi yamoyo sizidulika. Zinthu 12 zigawika kwa awiri, kwa atatu, kwa anai ndi kwa asanu ndi mmodzi, osatsala kanthu; ndipo palibe nambala yocepa kuposa 12 imene igawika ndi 2, ndi 3, ndi 4 yomwe.

Tikawerenga zogawira za nambala zonse kuyambira 1 kufikira 11, sitipeza ndi imodzi yomwe yopitirira zinai. 6, 8 ndi 10 ziri nazo zinai zinai. 4 ndi 9 zitatu zitatu. 2, 3, 5, 7 ndi 11 ziwiri ziwiri. Ndipo 1 iri naco cimodzi. Pomwepo 12 ilumpha kufika zisanu ndi cimodzi. Ndipo 18 ndi 20 zilingana nayo, koma palibe yoiposa kufikira 24, imene iri nazo zisanu ndi zitatu. Nambala yotere, yoposa zonse zoitsogolera pa kucuruka kwa zogawira, tiicha yogawika kopambana. Srinivasa Ramanujan, katswiri wa masamu wa ku India, analemba za mtundu umenewu m'caka ca 1915. Ndipo zoyamba zace ndizo 1, 2, 4, 6, 12, 24, 36, 48, 60 ndi 120. Owerenga athu aone kuti kuyambira pa 12 kufikira 120, zonsezi ziri madazeni athunthu.

Ngakhale dzanja lomwe, limene linatipatsa zisanu, lisunga 12 mobisika. Zala zinai ziri ndi timagawo titatu titatu pakati pa mfundo zace. Ndipo cala cacikuru cikhoza kukhudza timagawoto kamodzi kamodzi, niciwerenga 12 m'dzanja limodzi. M'maiko ena a ku Asia anthu amawerenga motero kufikira lero.

III. CIFUKWA CACE IGAWIKA BWINO

Ziripo nambala zina zimene sizigawika ndi yina iri yonse, koma ndi 1 ndi izo zokha. Zotere ndizo 2, 3, 5, 7, 11, 13 ndi zina. Tizicha nambala zosasweka. Euclid, amene anaphunzitsa ku Alexandria zaka ngati 300 Kristu asanabadwe, anatsimikiza kuti nambala zimenezi ziribe malekezero. Nambala zina zonse zoposa 1 zimangika pocurukitsa zosaswekazo, monga nyumba imangika ndi njerwa. 10 imangika ndi njerwa ziwiri, 2 × 5. Koma 12 imangika ndi zitatu, 2 × 2 × 3.

Pamenepa pali cinsinsi conse. Cogawira ciri conse cipangika potenga njerwa zina ndi kusiya zina. Mwa 12 tikhoza kusiya 2 konse, kapena kumtenga kamodzi, kapena kawiri; ndizo njira zitatu. Ndipo 3 tikhoza kumtenga kapena kumsiya. Ndizo njira ziwiri. Njira zitatu kawiri zikhala zisanu ndi cimodzi, ndico ciwerengero ca zogawira cimene tacipeza pamphasa paja. Mwa 10 muli njira ziwiri za 2 ndi ziwiri za 5, ndizo zinai. Tionanso kuti njerwa za 12 ndizo zazing'ono zoposa zonse. Njerwa ya 5 iri yaikuru, nidya malo. Koma 12 yadzala ndi tinjerwa ta 2 ndi 3, ndiwo magawidwe amene anthu awafuna kawirikawiri, ndiko kugawa pakati, patatu ndi panai.

IV. ZOPEREWERA, ZANGWIRO NDI ZOSEFUKIRA

Nicomachus, wa ku mudzi wa Gerasa, umene lero uchedwa Jerash m'dziko la Jordan, analemba buku la masamu ca m'caka ca 100, nalongosola mitundu itatu ya nambala. Mayesedwe ace ndi awa: tengani zogawira zonse za nambala, kusiya mwini wace yekha, ndi kuziphatikiza. Zikacepa kuposa nambalayo, ndiyo yoperewera. Zikalingana nayo, ndiyo yangwiro. Zikaipitirira, ndiyo yosefukira.

Tiyese 10. Zogawira zace ndizo 1, 2 ndi 5, ndipo pamodzi zikhala 8. Cotero 10 iri yoperewera. Tiyese 6. Zace ndizo 1, 2 ndi 3, ndipo pamodzi zikhala 6. Cotero 6 iri yangwiro, ndiyo yoyamba ya mtundu wace. Zangwiro zisowa ndithu. Agriki akale anadziwa zinai zokha, ndizo 6, 28, 496 ndi 8,128. Tsopano tiyese 12. Zace ndizo 1, 2, 3, 4 ndi 6, ndipo pamodzi zikhala 16, kupitirira mwini wace ndi 4. Cotero 12 iri yosefukira. Ndipo ali yense akayesa nambala zonse zoitsogolera adzapeza kuti palibe yina yosefukira. 12 ndiyo yoyamba. Zoitsata ndizo 18, 20, 24 ndi 30. Zoyambazi zonse zigawika pakati. Yosefukira yoyamba yosagawika pakati iri kutali ndithu, ndiyo 945.

Tikhoza kuonanso kumene icokera 4 yosefukirayo. 12 ndiyo 6 kawiri. Popeza 1, 2 ndi 3 zikwanira 6, tikazicurukitsa kawiri zikhala 2, 4 ndi 6, nizikwanira 12 ndendende. Zogawira zitatuzi zadzaza kale mtsuko. Ndipo 1 ndi 3, zimene zatsala, ndizo madzi otayikira pansi. Mwa njira yomweyo tizindikira kuti nambala iri yonse yopangika pocurukitsa 6 ndi 2, kapena ndi yina yoposa 2, iyenera kukhala yosefukira.

Kusefukira kumeneku kuli ndi phindu. Wogulitsa wokhala ndi miyala yoyesera ya 1, 2, 3, 4 ndi 6 akhoza kuyesa kulemera kuli konse kufikira 12, osabwereza mwala: 5 ndiyo 4 ndi 1, 7 ndiyo 6 ndi 1, 9 ndiyo 6 ndi 3, 11 ndiyo 6 ndi 4 ndi 1. Wokhala ndi zogawira za 10, ndizo 1, 2 ndi 5, alephera pa 4 ndi pa 9. Ndipo ciriponso cozizwitsa cina. Ciwerengero ca zogawira zonse za 12 ndico 6, nambala yangwiro yoyamba. Ndipo tikaziphatikiza zonse pamodzi ndi 12 mwini, zikhala 28, yangwiro yaciwiri. Nambala zodziwika zokhala ndi khalidwe limeneli ziripo ziwiri zokha: 12, ndi yina yaikuru yolembedwa ndi zilembo 76.

V. COLOWA NDI NDALAMA

Aroma akale anagawa cinthu cathunthu m'magawo 12, ndipo gawo limodzi analicha uncia. Phazi lao linali ndi magawo 12, ndi paundi lao loyesera kulemera momwemo. Ndipo ku liu lomwelo kunacokera mau awiri amene tiwamva ku sitolo, ndiwo inchi ndi aunsi. Ngakhale colowa ca munthu wakufa malamulo ao anaciwerenga ngati magawo 12, cingakhale cuma cambiri kapena capang'ono. Potero munthu polemba kalata ya colowa anakhoza kupatsa wina magawo 6, ndilo theka. Wina magawo 4, ndilo limodzi la magawo atatu. Wina magawo 2. Ndipo cuma conse cinatha bwino, woweruza osasowa ponena.

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 700, mfumu Charlemagne inakhazika lamulo la ndalama m'maiko ace a ku Ulaya, kuti paundi la siliva lisulidwe tindalama 240, ndiko kuti magulu 20 a tindalama 12. Makonzedwe amenewa anakhazikikanso ku England, nakhala komweko zaka zoposa 1,000. Ndipo anafika kuno pamodzi ndi Angerezi. Cotero makolo athu anagwira sileni ya makobiri 12. Theka lace linali sikisi, makobiri 6. Limodzi la magawo anai linali tiki, makobiri 3. Ndipo anyamata atatu olima ganyu wa sileni imodzi anagawana makobiri 4 yense, nanka kwao opanda mau. Paundi la makobiri 240 linali nazo zogawira 20.

Ndalama zimenezi zinatha. Zambia inayamba kwacha ya ngwee 100 m'caka ca 1968. Malawi inayamba kwacha ya matambala 100 m'caka ca 1971, makwacha awiri kulingana ndi paundi limodzi. Ndipo m'caka comweco Britain nayenso inagawa paundi lace m'magawo 100. Tisaganize kuti analakwa. Popeza tilemba nambala zathu ndi makumi, ndalama za makumi ziphatikizika msanga. Kale mwana wa sukulu pophatikiza makobiri 9 ndi makobiri 8 anapeza 17, nayenera kukumbukira kuti imeneyi ndiyo sileni imodzi ndi makobiri 5, ndi kuti masileni asanduka paundi pa 20. Ndipo ambiri anakhumudwa pamenepo. Lero bvutolo palibe.

Koma cina cinatayika. 100 imangika ndi 2 × 2 × 5 × 5, ndipo njerwa ya 3 mulibe; momwemonso 1,000, ndi nambala zonse zopangika pocurukitsa 10 ndi 10. Cifukwa cace K1,000 siigawika kwa anthu atatu. Yense alandira K333, nitsala imodzi. Polemba limodzi la magawo atatu ndi kadontho, tilemba 0.333, ndipo ma 3 amenewo alibe malekezero. Alimi atatu akasonkherana kugula thumba la fetereza la makilogalamu 50, yense atenga 16, natsala 2 ofuna kuwagawanso; koma 48, ndiyo madazeni anai, ikadagawika kwa awiri, atatu, anai, asanu ndi mmodzi, kapena asanu ndi atatu.

VI. MIYEZI NDI MAORA

M'cinenero cathu liu limodzi, mwezi, lichula counikira ca usiku ndi nyengo ya masiku yomwe. Pakuti makolo anawerenga nyengo poona mwezi utakhala. Kuyambira kuoneka kwa mwezi kufikira kuonekanso apita masiku 29 ndi theka; cotero miyezi 12 yotere ikwana masiku 354. Koma caka ca dzuwa, cimene mvula ndi masika zitsata, ciri ndi masiku 365 ndi limodzi la magawo anai. Pasiyana masiku ngati 11. Ndico cifukwa cace Asilamu, amene atsata mwezi wa kumwamba wokha, aona kusala kwao kwa Ramadan kufulumira ndi masiku ngati 11 caka ndi caka; ndipo Ayuda aonjeza mwezi wakhumi ndi citatu kasanu ndi kawiri m'zaka 19 ziri zonse. Kalendala ya Julius Caesar, imene inayamba m'caka ca 45 Kristu asanabadwe, inatalikitsa miyezi kuti 12 idzaze caka ca dzuwa, niileka kutsata mwezi wa kumwamba. Tiona tsono kuti thambo silinatipatsa 12 yeniyeni. Linafika pafupi pace, ndipo anthu anakonza cotsalaco. Anapindula nako, pakuti caka ca miyezi 12 cigawika pakati, patatu ndi panai. M'buku loyamba la Mafumu timva kuti Solomo anaika akapitao 12, yense wopereka zakudya za kunyumba ya mfumu mwezi wace umodzi pa caka. Katundu wolemera anagawika molingana, wopanda wosenza kawiri.

Anthu a ku Egypt wakale anagawa usiku m'maora 12, ndi usana momwemo. Pamenepo panacokera maora 24 a tsiku lathu. Koma 12 iri naco cilema cimodzi, ndico kuti siigawika kwa asanu. Cilemaci cicira pocurukitsa 12 ndi 5, ndiyo 60, imene igawika ndi 2, 3, 4, 5 ndi 6 yomwe. Ndipo zogawira zace zonse ziripo 12. Anthu a ku Babylon anawerenga ndi 60, ndipo kwa iwo tinalandira mphindi 60 za ora limodzi.

M'caka ca 1793 olamulira a ku France analamula kuti tsiku ligawike m'maora 10, ndi ora m'mphindi 100. Koma anthu sanazolowera, ndipo m'caka ca 1795 lamulolo linaleka kukakamiza. Miyeso yao ya makumi ya utali ndi kulemera inafalikira pa dziko lonse lapansi, ndiyo mita ndi kilogalamu zathu. Koloko yokha inakana. Tsiku la maora 24 ligawika kwa magulu atatu a anchito, maora 8 gulu liri lonse, monga acita m'zipatala ndi m'migodi yambiri. Tsiku la maora 10 silikadatero.

VII. MWAMBI WA MBUZI 11

Ulipo mwambi wakale wa masamu, umene m'maiko a kum'mawa amaunena ndi ngamila. Ife tiunene ndi mbuzi. Munthu anamwalira, nasiya mbuzi 11 ndi mau akuti mwana woyamba atenge theka, waciwiri limodzi la magawo anai, wacitatu limodzi la magawo asanu ndi limodzi. Koma 11 iri yosasweka. Theka lace ndilo mbuzi 5 ndi theka, ndipo anawo anayamba kulimbana. Paja akuruakuru ndi m'dambo mozimira moto. Mkuru wina anadza ndi mbuzi yace, nailowetsa m'khola, zikhale 12. Woyamba anatenga theka, ndizo 6, waciwiri 3, wacitatu 2, pamodzi 11. Itatsala imodzi, ndiyo ya mkuru uja, iye anaikoka kunka nayo kwao.

Mulibe matsenga m'menemo. Tikayesa ndi magawo 12, theka ndilo magawo 6, limodzi la anai ndilo 3, limodzi la asanu ndi limodzi ndilo 2; pamodzi 11. Atate aja anagawa magawo 11 okha mwa 12, nasiya limodzi lopanda mwini. Mkuruyo anazindikira ici, nagawira anawo gawo losiyidwalo mosaonekera. Cotero yense analandira koposa pang'ono cimene anayembekeza, pakuti woyamba anayenera 5 ndi theka, nalandira 6. Tiphunzirapo kuti pofuna kulinganiza magawo osiyana, monga theka ndi limodzi la atatu ndi limodzi la anai, tiyambe tawasandutsa onse magawo a 12. Pomwepo tidzaona ngati akwanira cathunthu, kapena aperewera, kapena apitirira.

VIII. CINGWE CA WOMANGA NYUMBA

12 igawikanso mwa njira yina yothandiza amisiri, ndiyo 3 ndi 4 ndi 5, zimene pamodzi zikhala 12. Tengani cingwe cosatamuka, ndi kumanga mfundo motalikirana molingana, kuti pakhale mipata 12. Ndipo lumikizani nsonga zace ziwiri. Khomani cikhomo pamene pafunika ngondya ya nyumba, ndi kukoleka mfundo imodzi pamenepo. Wina awerenge mipata 3 mbali yina, nagwire mfundoyo. Wina awerenge mipata 4 mbali inzace, nagwire yace. Ndipo onse awiri akoke kufikira cingwe conse cakungika. Mipata yotsala pakati pao idzakhala 5, ndipo ngondya ya pa cikhomo idzakhala yoongoka, monga ya sikweya ya mmisiri.

Cifukwa cace ndi ici: 3 katatu ndiyo 9, 4 kanai ndiyo 16, pamodzi 25, ndiyo 5 kasanu. Lamulo limeneli lichedwa ndi dzina la Pythagoras, Mgriki wa ku Samos, amene anakhala zaka ngati 500 Kristu asanabadwe. Koma alembi a ku Babylon analidziwa zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe. Womanga wonyozera kuyesa kumeneku adzazindikira kulakwa kwace mocedwa, pofolera. Pakuti malata aturuka ku sitolo ali oongoka, ndipo sabvomerezana ndi zipupa zokhota.

IX. CIZINDIKIRO, NDI MAU OTSIRIZA

Pofuna kudziwa msanga ngati nambala yaikuru igawika ndi 12, tiyese kawiri. Poyamba tiphatikize zilembo zace zonse. Zikagawika ndi 3, nambala yonse igawika ndi 3. Pamenepo tipenye zilembo ziwiri zotsiriza. Zikagawika ndi 4, yonse igawika ndi 4. Ikapambana mayeso onse awiri, igawika ndi 12. Tiyese 1,236. Zilembo zace pamodzi ndizo 12, ndipo zotsiriza ndizo 36. Cotero igawika, ndipo muli madazeni 103. Tiyese 1,230. Zilembo zace pamodzi ndizo 6, koma 30 siigawika ndi 4, cotero ilephera. Ticenjere tisayese ndi 2 ndi 6, poganiza kuti nazonso zipanga 12. Pakuti 18 igawika ndi 2 ndi 6 yomwe, koma siigawika ndi 12, popeza 2 wa m'kati mwa 6 tamwerenga kawiri.

Nambala iri yonse iribe mphamvu ya kudalitsa kapena ya kutemberera. Mphamvu ya 12 ndiyo ya njerwa zace zitatu zija. Koma tipempha akuru a mpingo, a mudzi ndi a magulu osonkherana ndalama, kuti pokonza cinthu cimene cidzagawika m'tsogolo, aganizire za kugawako asanasonkhe. K1,200 igawika kwa anthu 2, 3, 4, 5, 6, 8, 10 ndi 12. K1,000 ilephera kwa 3, kwa 6 ndi kwa 12. Ndipo kumene cotsala sicilephereka, apangane za mwini wace zinthu zisanafike pamphasa. Aphunzitsi asapatse ana zogawira za 12 kuti aziloweze pamtima pokha. Awapatse njere, aziyale okha.

Tisiyira ana a sukulu mafunso atatu. Loyamba: dazeni la madazeni ndilo 144; zogawira zace ziripo zingati? Laciwiri: kodi 24 isefukira ndi zingati? Lacitatu: munthu akapatsa mwana wina theka la munda wace, wina limodzi la magawo atatu, ndi wina limodzi la magawo anai, kodi mundawo udzakwanira?